Chala Chakumanzere Sichidziwa Mpweya

Lolemba, 3 Juni

Lero ayankhula. Liwu limodzi, lomveka bwinobwino, loyamba chidwalireni sitiroko ija. Ndimawapukuta kukamwa atatha kumwa tiyi, basi ndangomva, "Matayala."

Matayala! Osati dzina langa, osati zikomo, osati madzi. Ine wowatembenuza, wowasambitsa, wowanyamula popita kuchimbudzi, ndaposedwa ndi mphira. Ndaseka mpaka misozi, kenako kuseka kwatha koma misozi yapitirira yokha.

Kudabwa sindikudabwa. Amuna angawa anzawo sanawatche a Mphepo pachabe. Moyo wawo wonse akhala akuperekera maphukusi a m'masitolo pa njinga, ndipo sabata imene anagwa ija n'kuti akukamba zogula matayala atsopano. Njingayo ili pomwe anaisiya, m'kanjira kopita kuchipinda, yotsamira khoma. Matayala onse anaphwa, lakumbuyo linasalala ngati dazi mpaka ulusi ukuoneka. Chitseko chikakhala chotsekula amaiona ali pabedi. Tsiku lonse maso amakhala pomwepo.

Ndayankha kuti ndamva abambo, tigula. Nanga ndikanati chiyani?

Lachiwiri, 4 Juni

Kunabwera mtsikana wa mafizo wa kuchipatala uja. Wabweretsa chikuku, mpando wa matayala uja, akuti atibwereka. Chakale, tayala limodzi long'ambika m'mbali, chikamayenda chikuchita kutsimphina. Polowa nacho sichinathe kudutsa m'kanjira chifukwa cha njinga, tachita kuchipinda n'kuchinyamula. A Mphepo atangochiona atembenukira kukhoma. Mtsikana kuwanyengerera, "Bambo, tangoyesani, mukaothereko dzuwa panja." Iwo osatembenuka n'komwe.

Ndamuperekeza mpaka pageti n'kumufunsa za njinga. Wayamba wayang'ana foni, kenako nsapato zake. Akuti mwendo mwina udzagwirako, woti n'kuima nawo atagwira ndodo. Dzanja lamanja tisayembekezere zambiri. Zokwera njinga, "Mayi, zimenezo muziwachotsa m'mutu pang'onopang'ono."

Ndiziwachotsa ndi chiyani, supuni? M'mutumo mwatsala chimenecho chokha. Sindinawauze. Chikuku ndachikankhira kuseri kwa chitseko n'kuponyapo thaulo.

Lachinayi, 6 Juni

Sitolo ya njinga yoyandikana ndi kochapira zovala komwe ndimasita ikutsekedwa. Alemba pagalasi kuti zonse theka la mtengo. Nthawi ya nkhomaliro ndazimitsa simbi, ndasiya malaya a eni ake pathebulo, ndalowa.

Mayo ine. Ndimayesa tayala ndi tayala basi. Pali oonda ngati chala, onenepa ngati a njinga yamoto, a mano, osalala, a mzere wonyezimira. Wogulitsa, bambo wotopa ndi moyo ngati ine ndemwe, wandifunsa saizi. Ndati ya njinga. Wandiyang'ana ngati ndabwera kudzagulira nsapato munthu amene sindinamuonepo phazi. Akuti nambala imalembedwa m'mbali mwa tayala lakale, ndikaione.

Kuti ndisatuluke chimanjamanja ndayamba kufukula m'katoni ya zotchipa. Mabelu, nyale, zipewa zotetezera mutu, magolovesi. Ndasankha magolovesi abwino, ofewa mkati, mpaka ndafika nawo pakauntala. Pomwepo ndakumbukira kuti limodzi likavalidwa kudzanja lomwe silimva kuzizira kapena kutentha. Ndawabweza m'katoni. Ndatuluka chimanjamanja chomwecho.

Pofika kunyumba ndagwada m'kanjira kusakasaka nambala. Iwo ali pabedi kundilozera ndi dzanja lamanzere, mmm, mmm, mpaka ndaipeza. Nkhope yawo, mbali yamoyo ija, yawala. Zandiwawa, bola akanakwiya.

Lachisanu, 7 Juni

"Matayala," m'mawa. "Matayala," madzulo. Msana ngati andipondaponda.

Loweruka, 8 Juni

Ndagula. Awiri, saizi yake yomweyo, ochokera pansi penipeni pa mulu, otchipa kuposa onse. Wogulitsa akuti amenewo ndi mwayi wanga. Ndawakoleka paphewa, m'basi anthu kung'ung'udza kuti ndikuwadetsa. Ine osasamala. Mumtima ndimati lero ndiye ndimva zikomo.

Ndawaika pamiyendo pawo. Ayamba anunkhiza. Kenako apanikiza limodzi ndi bondo, alipinda m'mbali ndi dzanja lamanzere n'kulikankhira kumaso kwanga. Timing'alu tokhatokha, ngati chidendene cha nkhalamba. Mphira inauma kalekale m'sitolomo, utsopano wake ndi wapamaso pokha. Liwu lachiwiri la amuna anga chidwalireni: "Okalamba."

Ndaphulika. Ndati okalamba ndinu, wokalamba ndine, chilichonse m'nyumba muno n'chokalamba, ndiye mukufuna ndikabe? Ndamenyetsa chitseko n'kukakhala kukhitchini. Kubweza sikungatheke, pagalasi paja pansi pake analemba timalemba ting'onoting'ono kuti chogulidwa sichibwerera.

Ndawapepesa powapatsa mankhwala. Agwedeza mutu, maso ali pa njinga.

Lamulungu, 9 Juni

Abwera alamu, mlongo wawo wa a Mphepo, ndi malalanje ndi malangizo. Kungoona matayala pakona, nkhani yayamba. "Alamu, mukutayira ndalama pa mphira munthu sangathe n'kugwira kapu komwe? Gulitsani njingayi isanachite dzimbiri." Akunena izi mokweza, pakhomo la chipinda, ngati achimwene awo anagonthanso makutu.

Chopweteka n'chakuti sakunama. Ndawauza kuti njinga si yanga, akafunse mwini wake, ali apo. Sanalowe kukafunsa. Asenda lalanje, adya okha, anyamuka.

Lachiwiri, 11 Juni

Poweruka ndadzera kwa a Girisi, okonza njinga kuseri kwa msika, mnzawo wa a Mphepo wakalekale. Sanapondeko kunyumba chiyambireni matendawa. Atangondiona ayamba kupukuta manja osasiya, maso pansi. Akuti amaopa. "Mlamu, munthu uja ndimamudziwa akuuluka pamsewu. Ndikamupeza chigonere ndikanena chiyani?" Ndati nanenso chonena sindichidziwa, koma ndimapezekapo.

Ndawaonetsa matayala anga a mwayi aja. Apinda limodzi, aseka, kenako achita manyazi. Akuti ndiwasiyire adule zomangira katundu. Alowa m'kashedi kawo, atuluka ndi ena awiri omwe anali pamsomali, fumbi lili mbuu. Akuti amenewa a Mphepo anasankha okha sabata yomwe anagwa ija, anati adzatenga Loweruka. Lakumbuyo lokhuthala, loti lisamabooke akasenza katundu. Lakutsogolo lofewako, logwira msewu pokhota. "Anachedwa nawo bwanji! Kupinda, kununkhiza, kuunika padzuwa, ngati akusankha mkazi." Ndati posankha mkazi sanachedwe choncho. Taseka tonse, kuseka kosafika m'mimba.

Ndawafunsa chifukwa chomwe sanawagulitsire ena nthawi yonseyi. Akuti ankati mwina. Mwina yemweyu ndi amene akutidya tonse.

Lachitatu, 12 Juni

A Girisi abwera ndi zipangizo zawo. Polowa anaima kaye pakhomo la chipinda chipewa chili m'manja, kenako, "Mphepo, waulesi iwe, ntchito yonse watisiyira." A Mphepo aseka! Kuseka kopendekeka, malovu akuchucha, koma kuseka.

Aika matayala m'kanjira momwemo, iwo akuonerera ali pabedi, kumadzuma a Girisi akakanda limu ndi chitsulo. Nyumba yonse kununkha mphira yatsopano. Ine ndaima ndi pampu ngati wophunzira ntchito, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala zomwe mtsikana wa mafizo ananena.

Chikwatiraneni, sindinawaonepo amuna anga akutuluka m'mawa osadina matayala ndi chala chachikulu chakumanja. Lakumbuyo, lakutsogolo, kenako tiyi. Kawotchi ka pa pampu ankati n'kabodza, chala chawo ndiye chinali chonena zoona. Ndiye atatha kupopa, a Girisi akankhira njinga pafupi ndi bedi. "Tayesa, mpweya wakwana?"

Ndinaona phewa lakumanja likugwedezeka. Dzanja osadzuka. Anakhala akuliyang'ana lili gone pabulangete ngati la munthu wina. Kenako atambasula lamanzere, adina, adinanso, asuntha chala adinanso. Achiyang'ana chalacho.

"Sichidziwa."

A Girisi ati chiphunzira, chiphunzira ndithu. Atuluka kuti akasute fodya, osabweranso. Sipanala yawo ili pansi pa bedi.

Lachisanu, 14 Juni



Ndabwera kuchokera kuntchito, kutsekula chitseko, ndawapeza pansi m'kanjira, njinga ili pamwamba pawo. Momwe anafikira pamenepo kuchokera pabedi akudziwa ndi Mulungu. Ayenera kuti anadzikoka chogwira khoma, n'kuyesa kuponya mwendo pachishalo. Pamphumi chilonda, magazi atauma kale. Thalauza lonyowa. Mwendo wodwala uja unalowa pakati pa felemu ndi pedulo, iwo osamva n'komwe kuti wakhuzuka. Aneba akuti sanamve kanthu. Amva bwanji, munthu wake alibe mawu oitanira.

Ndachotsa njinga, ndaiponyera uko. Ndakhala pansi pomwepo n'kuika mutu wawo pamiyendo panga. Ndipo ndanena. Osakuwa, osanyengerera. "Abambo, simudzakweranso. Kuchipatala ananena kalekale. Mwendo mwina, dzanja ayi, njinga ayi. Matayala ndinagula chifukwa ndimaopa kukuuzani."

Alira. Sindinawamvepo akulira choncho, ngakhale pamaliro a amayi awo. Ine misozi inakana. Ndimangomva mantha ndi kutopa, komanso mkwiyo wosadziwa kwa kuupititsa. Aneba andithandiza kuwabwezera pabedi. Ndawasambitsa, ndamanga chilonda. Tayala lakutsogolo, latsopano lija, silinakandike ngakhale pang'ono.

Loweruka, 15 Juni

Sanadye. Sanayankhule. Aloza chitseko kuti nditseke, asaione njinga. Ndatseka.

Mtsikana wa mafizo pafoni akuti chilonda sichoopsa, koma asamangogona, mapapo ndi msana zingayambe mavuto. Akuti ndiyesetse akhale pa chikuku. Aliyense amandiuza kuti ndiyesetse.

Lamulungu, 16 Juni

Madzi theka la kapu. Ngakhale "matayala" yemwe uja ndikumusowa.

Lolemba, 17 Juni

Sindinapite kuntchito, ndimaopa kuwasiya. Abwana akuti akumvetsa, koma mawu awo sanali omvetsa.

Masana ndikupinda zovala kumiyendo kwa bedi, ndangomva, "Girisi." Ndati mukufuna a Girisi? Agwedeza mutu. Aloza chitseko chotseka chija, kunja kwake komwe kuli njinga. "Atenge."

Ndafunsa kawiri. Atenge akasunge? Apukusa mutu. Atenge basi.

Kenako dzanja lasunthira kuseri kwa chitseko. Ndachotsa thaulo lija pa chikuku. Sanatembenukire kukhoma. Achiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mmene amayang'anira njinga za anzawo pofuna kuzinyoza. Aloza tayala long'ambika lija.

"Nambala."

Ndagwada, ndapukuta m'mbali mwa tayala ndi chala chamalovu. Ulendo uno ndaipeza ndekha.

Lachiwiri, 18 Juni

A Girisi abwera m'mawa ndi matayala awiri a chikuku, aang'ono, otuwa. Akuti tisinthane ndi atsopano a njinga aja, za njinga tidzakamba mtima ukakhala pansi. Sanayambe n'kuika. Awapereka kaye kwa mwini wake, ngati mwa masiku onse. A Mphepo anunkhiza, apanikiza ndi bondo, apinda m'mbali, aunika pawindo. Limodzi alibweza pabedi, linalo alipindanso kawiri. Kenako agwedeza mutu.

Atatha kuika, a Girisi atola sipanala yawo, atulutsa njinga. Ndinasuzumira pawindo. Sanaikwere, amangoikankha mpaka pageti, dzanja lili pachishalo.

Kupopa anasiyira ine. Ndakokera chikuku pafupi ndi bedi, ndapopa mpaka thukuta. A Mphepo atambasula dzanja lamanzere, adina. Adinanso, maso atatsinzina.

"Onjezerani."

Ndaonjezera. Adina.

"Basi."

Kaya chalacho chadziwadi kaya angonena, sindinafunse. Linalo chimodzimodzi. Kenako aloza kachitsulo kam'mbali, "Buleki." Ndamanga buleki, ndawagwira m'khwapa, tadzuka tonse movutikira, akhala. Apepuka kwambiri amuna anga. Dzanja lamanja ndalinyamula ndekha n'kuliika pamiyendo pawo kuti lingakodwe m'masipoko.

Chikuku chadutsa m'kanjira popanda chochitsekereza. Pakhoma patsala chipsera chakuda pomwe handulo inkatsamira zaka zonsezi. Titafika pamenepo agwira tayala, chikuku chaima. Akhudza chipseracho ndi chala. Ine ndili kumbuyo, nkhope yawo sindikuiona, ndipo sindinafune kuiona.

Asiya tayala.

"Tiyeni."