Anamagalasi Ali Moyo, Amayi

Amayi anga, kodi kukucha bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Glasgow tilipo. Chisanu chafika ndi ukali wake, dzuwa likungosuzumira ngati mlendo wamanyazi n'kubwerera. Mawondo anga ayamba kulira ndikamakwera masitepe a nyumba za kuno ku Govanhill, ndipo ndikati ndidandaule ndimamva mawu anu aja, akuti ukalamba suodira pakhomo.

Achimwene a Yohane anaimba foni sabata yatha. Akuti kachewere wa kudimba kwanu ku Lizulu wachita bwino chaka chino, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba. Alamu achira, kwabadwa mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Akuti watengera ndi chipumi chanu chomwe, cholusa chija. Kumanda kwanu analambulako, kungoti mtanda wayamba kupendekeka. Tidzaukonza mvula ikatha, musadandaule.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi china. Amayi, Anamagalasi ali moyo. Ndawaona ndi maso angawa.

Ndikudziwa simunawaiwale. Zaka zija ndinkakhala ku Dublin, munabwera kudzandithandiza kulera Thoko ali khanda, mukumanena kuti mwadzaona kwawo kwa mbatatesi. Chingerezi chanu chinali cha moni basi, koma Lamulungu lililonse simunkaphonya pulogalamu ya ndale ija pa wailesi ya kanema ya ku Ireland. Mayi wa magalasi akuluakulu ankakhazika nduna pampando n'kumaipanikiza ndi mafunso ngati mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa. Nduna ikayamba kuzungulirazungulira, iye ankaidula mawu osaphethira. Dzina lake linakukanikani, ndiye munangomutcha Anamagalasi.

Nyimbo yoyambira pulogalamuyo ikangolira, munkadzuka, mwana ali kumbuyo, n'kutseka makatani onse. Kenako munkatsitsa mawu mpaka tinkachita kusendera pafupi ndi kanemayo ngati tikuotha moto. Ndikakuuzani kuti kuno zinthu n'zina, munkangondiyang'ana n'kunena kuti safunsa anadya phula, inde, koma anagona kunyumba kwake.

Tonse tinkadziwa amene munkanena, ngakhale sitinkawatchula. Bambo anga, amuna anu, mphunzitsi, anaimirira pamsonkhano nthawi ya chipani chimodzi ija, chipewa chili m'manja, n'kufunsa mlendo wolemekezeka chifukwa chimene ana opanda khadi la chipani ankabwezedwera pachipata cha sukulu. Funso limodzi, laulemu. Patapita masiku galimoto inafika pasukulupo masanasana, ana akuona. Choko anachisiya patebulo. Sitinawaonenso, ndipo mpaka lero palibe pamene tingaloze kuti anagona apa. Kuyambira pamenepo dzina lawo linangozimirira m'nyumba mwathu, ngakhale zinthu zitasintha.

N'chifukwa chake Lamulungu lija tinapeza mnyamata wa tayi atakhala pampando wa Anamagalasi, inu simunadye. Munandituma kuti ndifufuze m'nyuzi ngati kwachitika ngozi ya galimoto. Ndinati munthuyo wangosiya ntchito, mnyamatayo wamuthokoza ndithu, koma chifukwa chake ndinalibe. Inu munati ndi mmene amanenera. Munkamutchula m'mapemphero pamodzi ndi onse amene anatengedwa, mpaka munabwerera kumudzi. A Yohane anandiuza kuti ngakhale m'chipatala muja, mawu atayamba kuthawa, munafunsa ngati kwamveka chilichonse cha Anamagalasi.

Tsono imvani. Mwa okalamba amene ndimawasamalira m'nyumba zawo muli a Hughie, mkulu wa ku Ireland komweko, amene anabwera kuno ali mnyamata kudzakumba mbatatesi m'minda ya eni, kenako ngalande za pansi pa mzinda uno. Kuno ku Govanhill alipo ambiri a kwawoko, anatitsogolera ife paulendo wofuna ganyu. Mdzukulu wawo anawalumikizira kanema wakwawo, ndipo amakhalira yemweyo. Lamulungu lapitali masana ndinali kukhitchini kwawo ndikuwapangira tiyi, ndipo ndinangomva nyimbo ija. Yomwe ija, Amayi. Pozindikira n'kuti ndili pawindo, katani ili m'manja. A Hughie anandifunsa ngati dzuwa likundivuta m'maso. Dzuwa lake liti, ku Glasgow kuno?

Pulogalamuyo akuitseka, ndiye tsikulo ankaonetsa mbiri yake kuyambira pachiyambi. Anayamba ndi zithunzi zakale zopanda mtundu, azibambo okhaokha akusuta fodya, akufunsa nduna monyengerera ngati akupempha mchere kwa neba. A Hughie ankandithirira ndemanga. Akuti masiku amenewo akapita kwawo kutchuthi, mudzi wonse unkadzazana m'nyumba imodzi yokhayo imene munali kanema, ndipo wansembe wawo sankakondwa nazo. Kenako mafunso anayamba kumera mano. Anaonetsa nduna ina ikudzuka pakati pa zokambirana n'kutuluka, waya wa cholankhulira ukukhwekhwereka pambuyo, a Hughie n'kumaseka mpaka kutsokomola. Akuti akuluakulu ananyinyirika, pulogalamu inakankhidwira pa nthawi yoipa, inasinthidwa dzina, koma inabwerera. Pambuyo pake analola anthu wamba kukhala m'chipindamo n'kumakweza manja. Alimi, anamwino, amayi a pakhomo, aliyense ndi funso lake.

Kenako anayamba kuonetsa nkhope za ofunsa mafunso amene anamwalira, imodzi pambuyo pa inzake, kanyimbo kachisoni kakulira pansipansi. Ndinaima chilili ndi kapu m'manja, ndikudikira nkhope yawo. Ine amene ndinkakuuzani kuti kuno zinthu n'zina, mtima unkagunda ngati ndine wotsatira. Nkhope zinatha, yawo panalibe.

Ndiyeno anawaonetsa. Akhala pakhitchini pawo, tsitsi lonse mbuu, ndodo itatsamira patebulo, magalasi akulirakulirabe. Atafunsidwa chimene anasiyira ntchito, anati amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi ndipo panalibe wowasambitsa. Basi, Amayi. Panalibe galimoto, panalibe ngozi. Anapita kukasambitsa amuna awo. Zaka zonse zija munkawalira, iwo anali kwawo akutenthetsa madzi.

Koma chimene chinandikhudza koposa ndi ichi. Anawafunsa ngati ankaopa. Anati sabata iliyonse, ndipo n'chifukwa chake ankabisa manja pansi pa tebulo, kuti nduna isaone akunjenjemera. Inu munanena zimenezi! Mopanda kumva ndi liwu limodzi lomwe la zimene ankakambirana, munkaloza kanema n'kuti taonani, manja sakuwaonetsa, akunjenjemera ameneyu. Ndinalira pamaso pa nkhalamba ya eni. A Hughie anandipatsa kampango kawo n'kundiuza kuti ndisadzipweteke, ndi ndale chabe.

Sindinalire chifukwa cha Anamagalasi okha. Pali nkhani ya Thoko, imene ndakhala ndikuzengereza kukuuzani. Mdzukulu wanu ndi namwali tsopano, ali kuyunivesite. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chimene ine ndimatolamo theka. Mnzake wa m'kwaya ya kutchalitchi, mtsikana amene ankadikira mapepala ake okhalira kuno, ananyamulidwa ndi galimoto ya boma ndipo akusungidwa kutali. Thoko analembera pulogalamu ya ndale ya kuno ku Scotland, ndipo anamusankha kuti akakhale m'gulu la ofunsa, akaimirire pamaso pa nduna n'kufunsa za mnzakeyo.

Atandiuza mwezi watha, ndinamukaniza kwamtuwagalu. Ndinati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndinanena zambiri, ndipo mawu amene ankatuluka pakamwa panga anali anu, ndi kapumidwe komwe. Iye anayesa Chichewa chake chopindika chija.

“Mami, mukuopa ndani?”

Za agogo ake aamuna ankangodziwa kuti anamwalira kalekale. Anatenga chikwama n'kukakhala kwa mnzake wina ku Pollokshields. Foni zanga ankayankha ndi mawu awiri. Mbale yake inangokhala pathandala, ndipo ndinayamba kuona kuti mwanayu ndimutaya popanda galimoto iliyonse kubwera.

Nditachoka kwa a Hughie sindinapite kunyumba. Ndinayenda wapansi mpaka ku Pollokshields, kamvula kakuwaza, ndipo ndinamuitanira panja. Tinaima pafupi ndi sitolo ya Amwenye yogulitsa ndiwo zamasamba, anthu akudutsa. Ndinamuuza zonse, za msonkhano, za chipewa, za choko patebulo. Kenako ndinatchula dzina la bambo. Lameki. Amayi, ndinapezeka ndikucheuka kuona amene ali kumbuyo. Kunali mayi wina akusankha anyezi. Thoko analibwereza dzinalo m'katchulidwe kake ka ku Glasgow, analiphonya, n'kuyesanso mpaka linakhala. Anafuna kudziwa funso lenileni limene agogo ake anafunsa. Nditamuuza anangoti linali funso labwino.

Wabwerera kunyumba, koma maganizo sanasinthe. Akupita Lachinayi likudzali. Sindikunamizani kuti mantha atha. Ndikamva galimoto ikuima pansi pa windo lathu, ndimapezeka ndagwira katani ngati kale. Mutu umadziwa kuti Anamagalasi anafunsa kwa zaka zambiri ndipo akugonabe kunyumba kwawo, koma thupi silinamve uthengawo.

Pali chimene ndakhala ndikuopa kukufunsani chikuikireni m'manda. Kodi bambo munawapeza kumeneko? Nthawi zina ndimaganiza kuti munthu amene sanaikidwe ndi abale ake amasochera njira, ndipo mwina akungoyendayenda ndi chipewa m'manja. Ngati munawapeza, auzeni kuti dzina lawo latchulidwa pamsewu, masana, ndipo palibe chachitika. Auzeni kuti mdzukulu wawo aimirira Lachinayi. Ngati simunawapeze, khalani tcheru tsiku limenelo, mwina atulukira kudzamvera.

Inunso mudzabwere, mpando wanu ulipo. Ndikukulonjezani kuti mawu a kanema ndidzakweza mpaka aneba adandaule, ndipo chakudya cha Thoko ndidzachisunga chotentha, chifukwa adzagona kunyumba kwake. Makatani adzakhala otsegula. Manja angawa akadzayamba zawo zija, ndidzawakhalira.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Enelesi