Mapazi a Bambo pa Mchenga

Lachitatu, 12 Juni

Okondedwa achimwene,

Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanafike n'pakati pomwe. Kuno tonse tili bwino. Tsopano khalani pansi. Kiyi wa shopu ya bambo, amene munati ndipereke kwa mayi wogulitsa mafoni uja mwezi uno ukatha, ndidakali naye. Komanso bambo omwe munati asachoke pakhomo aja ndinapita nawo kumpoto, kunyanja yamchere, masiku atatu. Mukalipe ndithu, koma muwerenge kaye.

Mukudziwa kuti chidwalireni sitiroko bambo anali asanapondepo pansi. Adokotala ankati mwendo wamanzerewo mphamvu ulinayo, chatsala n'kuyesera basi. Koma iwo kukaniratu. "Ndizikoka mwendo pamaso pa anthu amene ndawasokera nsapato zaka makumi anayi? Bola ndikhale." Miyezi isanu ali pa njinga ya olumala, maso kukhoma. Ine mtima unkandiwawa, ndiye alamu anu atapeza tchuthi ndinangoti tiyeni, mwina mphepo ina iwachita bwino.

Achimwene, kunja kuno kuli malo! Msewu umayenda m'mbali mwa madzi tsiku lonse, ukangokhota, gombe lina, ukakhotanso, lina loposa loyamba. Tinaona nsanja yoyera ya nyali yowongolera sitima, itaima yokha pathanthwe. Tinaona mwala wobooka umene mafunde akalowa pansi amatulukira pamwamba ngati utsi. Alamu anu anausendera kuti ajambule bwino, ndipo anabwerako atanyowa mpaka m'matumba. Ine kuseka mpaka misozi. Bambo sanatsike m'galimoto, ankangoti, "Ndaona."

Tsiku lachiwiri tinafika pagombe lalitali, mchenga woyera ngati ufa, madzi atabwerera m'mbuyo n'kusiya ponyowa posalala. Ndinawakakamiza kutsika. Koma uchitsiru wanga, sindinaganize kuti njinga siyenda pamchenga. Titangokankha pang'ono matayala anatitimira. Alamu anu anabwerera kumsewu kukafuna matabwa, ine ndi bambo tinatsala pomwepo, iwo atazyolika. Ndinkayesa akwiya, osadziwa kuti akuwerenga mapazi a anthu.

"Uyu chidendene chakumanja chinadyekera kunja," anatero akuloza pansi. "Uyu wavala nsapato ya mkulu wake, taona mmene ikuvukira. Uyu ndi mayi, wanyamula mwana kumanzere."

Kenaka anakweza mutu n'kuloza patsogolo. "Koma amene wadutsa apoyo, soli yake ndi yosoka pamanja. Alipobe amisiri otere? Tandifikitsa pompo."

"Bambo, njinga yatitimira."

"Ndanena za njinga ine? Bwera nalo phewalo."

Anaimirira, achimwene. Kulemera kwawo konse kunali pa ine, mpweya uli wefuwefu, koma anaponda. Tinafika pa phazi lija, analiyang'anitsitsa n'kuyamikira mnzawo wosamudziwayo, ndipo sananene zobwerera. Tinapitirira mpaka funde linatinyowetsa. Anaseka, kuseka kuja ankaseka mayi adakali moyo. Panalibe wowadziwa, panalibe wowamvera chisoni.

Atatembenuka anaona njira yawo. Phazi lamanja linadinda bwinobwino, lamanzere linangolemba mzere wautali wokhotakhota kuchokera pa njinga. Ndinachita mantha kuti ayambanso manyazi. Anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali, atapendeketsa mutu ngati mmene amachitira munthu akawabweretsera nsapato yong'ambika.

"Kasitomala ameneyu," anatero, "akufunika nsapato yopepuka, yokwera kutsogolo, kuti chala chisamakumbe pansi."

"Nanga asoke ndani?"

"Iwe, kwathu kuja alipo wina wodziwa kusoka?"

Alamu anu anatipeza ali ndi matabwa awiri paphewa, ine ndikulira, bambo akundiuza kuti ndisiye zachibwana.

Sindikubisirani kanthu. Amatopa msanga, ndipo Lolemba anagwa pakhonde, mwamwayi sanapweteke. Dzanja lamanzere likuchedwabe, moti nsapato imodziyo yawatengera masiku anayi. Koma ayisoka, ayivala, ndipo dzulo anayenda ndi ndodo kuchokera pakhomo mpaka kushopu, msewu wonse ukuona. Wometa tsitsi anasiya munthu mutu uli theka n'kutuluka kudzawomba m'manja. Ndikudziwa kuti munkafuna kuti apume, ndipo munaganiza zimenezo chifukwa chowakonda. Koma chonde, mayi wa mafoni uja muwauze nokha kuti malowo ali ndi mwini wake. Ine kiyi sindipereka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa mwana. Alamu anu akupereka moni, chimfine cha kumwala wobooka uja sichinawathebe. Bambo nawo akupereka moni. Akuti popeza mdzukulu wawo wayamba kuyenda iwo asanamuone, mumupondetse papepala, mulembe mozungulira phazi ndi pensulo, mutumize. Akuti mumulembe ataimirira, osati atakhala, chifukwa phazi la munthu wokhala pansi limanama.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Chitsiriza