Mayi anga ayamba kunditchula bwana

Agogo,

Ndine mnyamata wa zaka 27. Miyezi itatu yapitayo ndinayamba ntchito pakampani ina ya inshuwalansi, pomwe mayi anga akhala akukolopa ndi kuphika tiyi kwa zaka makumi awiri. Tsiku loyamba abwana akundizungulitsa m'maofesi, tinawapeza mayi m'khonde atagwira mopu. Abwana anangodutsa, inenso ndinangodutsa. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandilowa.

Pamalopa ife a matayi timamwera makapu adothi m'chipinda cha misonkhano, pomwe okolopa, onse azimayi, amamwera apulasitiki kuseri kwa masitepe atakhala pa ndowa. Chiyambire tsiku lija mayi amandibweretsera tiyi n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Bwana, shuga masupuni angati?" Chonsecho akudziwa kuti ndi atatu. Kunyumbanso ndasanduka bwana, ndipo mlongo wanga amafa nazo n'kuseka. Ine mtima ukundiwawa. Ndikaulula, anzanga andiona bwanji? Ndikapanda kuulula, si ndiye kuti mayi anga ndawataya?

T. K.,
m'tauni muno

Mdzukulu wanga T. K.,

Tayiyo yakuthina, magazi sakufika kumutu. Ukuganiza kuti mayi amene akhala pamalopo zaka zonsezo sanauzepo munthu kuti mwana wawo ali kukoleji? Chithunzi chako utavala gauni chinazungulira kuseri kwa masitepeko kalekale. Mlonda akudziwa, dalaivala akudziwa. Chinsinsicho ukuchisunga wekhawekha, anthu akungokuonerera.

Mantha akowo ndikuwamva. Si iwe unayambitsa zoyeza munthu ndi kapu, kapena zoti kukolopa ndi kwa azimayi basi. Koma wazizolowera msanga bwanji! Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Yambira kunyumba. Ukhale nawo pansi, upepese popanda kudziikira kumbuyo. Uwafunsenso chimene iwo akufuna, chifukwa pantchitopo ndi pawo, iwe ndiwe wobwera. Akalola, nthawi ya tiyi unyamule kapu yako yadothiyo upite kuseri kwa masitepe, ndowa yokhalira sikasowa. Wina akafunsa, yankho ndi lalifupi: "Awa ndi mayi anga." Usaitanitse msonkhano ayi. Ukadzazika mizu, udzafunse abwana chifukwa chimene pakhalira makapu amitundu iwiri.

Koma usazengereze. Pakali pano mayi ako akukunyogodola, ndiye kuti akadakuyembekezera. Tsiku limene adzakuikire tiyi patebulo mwakachetechete n'kutseka chitseko bwinobwino, udzadziwe kuti wasanduka bwana weniweni.