Mlonda wa Madzi Pakhomo la Bafa

Lolemba, 6 Okutobala

Ahedi andisenzetsa katundu wina: milungu iwiri yophunzitsa ana kusamala madzi. "Inu aphunzitsi ndinu oleza mtima," akutero. Kuleza mtima kwake kuti? Kungoti pakamwa panga sipatuluka "ayi". Ndatchera ndowa pansi pa mpopi wodontha wa pasukulu kuti ana adzionere okha. Poweruka, ndowa ndendende. Onse kukamwa yasa.

Lachitatu, 8 Okutobala

Nzeru zanga zomwe: mwana aliyense akhale mlonda wa madzi kwawo. Kapepala, pensulo, azilemba aliyense wowononga. Mwana wanga ali m'kalasi momwemo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ntchitoyi wailandira ndi manja awiri. Wawagwira kale agogo ake akutsuka mano mpopi uli chitsegulire. Apongoziwo amupatsa dzina, akuti Kapolisi. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinali nditaiwala kuti ndimatha kuseka chonchi.

Lachisanu, 10 Okutobala

Miyezi isanu ndi iwiri chichokereni bambo a mwana wangayu kukafuna ntchito. Foni imalowa, osayankha. Nyumba ndi ya amayi awo. Chitseko cha kuchipinda kwathu sichitsekeka, apongozi amangolowa osaodira. Alamu kuseri kwa khoma amamva ngakhale ndikatembenuka pabedi. Nkhope yanga ikangogwa pang'ono, apongozi amvekere: "Mwana wanga sanafe, musatiitanire tsoka muno." Ndipite kuti? Kwathu kulibenso munthu, ntchito ili konkuno.

Malo anga ndi bafa basi. Kukhoma chitseko, mpopi mpaka kumapeto, mphindi khumi. Ndimalira mokwana, phokoso la madzi limabisa zonse. Potuluka ndimati sopo wandilowa m'maso.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ana awerenga mapepala awo kutsogolo kwa kalasi. Wina wagwira atate ake akutsuka njinga ndi payipi. Kenako Kapolisi wanga, chilili ngati msilikali: "Amayi anga amatsegula mpopi m'bafa mphindi khumi m'mawa uliwonse, madzi kumangopita, ndowa ili pambali." Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinauza anawo kuti amuwombere m'manja. Ndikanatani? Ndinamuphunzitsa ndine. Manyazi ngati andivula pamsika.

Lachinayi, 16 Okutobala

Masiku awiri osaukhudza mpopi. Theka la ndowa ndi kapu, monga ndinalembera ndekha pabolodi. Kapolisi wanga panja pa chitseko, wotchi ya agogo ake m'manja. Lero ndakalipira mwana wa eni chifukwa cha choko chothyoka. Choko! Ndatopa, ndatopa zedi.

Ahedi asangalala. Akuti mwezi wamawa ndiphunzitse makalasi onse.

Loweruka, 18 Okutobala

Zandikanika. M'mawa uno m'bafa ndinakhala pa ndowa yovundikira, ndi kuluma thaulo. Mpopi osaugwira, poti mlonda ali panja. Koma thaulo silibisa ngati madzi. Ndinadzimva ndekha, mawu oipa ngati a mbuzi yomangidwa.

Kenako kugogoda pang'onopang'ono, kakamwa pa kabowo ka kiyi, monong'ona kuti agogo ake asamve: "Amayi, tsegulani mpopi. Sindikulembani."

Mpopi sindinautsegule. Ndinatsegula chitseko.