Mapasa a ku Biwi Sanalankhulane

Kawale,
Lilongwe.
19 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Lucious,

Ndikhulupirira muli bwino kuyunivesiteko. Kuno tadzuka, kupatula mtima wangawu.

Mukukumbukira masewera munandifotokozera pafoni aja? Anthu awiri amakhala m'zipinda zosiyana, aliyense n'kufunsidwa funso lake, ndipo amapambana mayankho awo akagwirizana monga mwa lamulo. Munati popanda kulankhulana sangapambane kupitirira ka 75 pa 100, koma akagawana tinthu tosaoneka ndi maso tolumikizana mwa sayansi ya kwantamu tija amafika 85, ngakhale wina ali ku Joni wina ku Mgona.

Ine ndi kukonda kutamandidwa kwanga kuja, ndinawatengera kusukulu kumene ndimaphunzitsa kuja pa tsiku la makolo. Tinthuto ndilibe, labu yathu mukuidziwa. Ndinasankha mapasa a Fomu 2, Tione ndi Thokozire, n'kuwaika m'makalasi otalikirana. Wopereka mafunso ndinali ine, wolemba mayankho awo ine ndemwe. Anapambana ka 14 pa 20. Nditaona makolo akuyasamula, ndinalemba pabolodi 20 pa 20, n'kunena kuti mapasa ndi olumikizana ngati tinthu tija. Achimwene, ndinaposa ndi sayansi yanu yomwe.

Anthu anawomba m'manja, ahedi anandigwira chanza. Koma pofika Lamulungu, ku Biwi konse kunali kutamveka zoti anawo amalankhulana mwaufiti. Anzawo akuwathawa padesiki. Zitumbuwa zimene mayi awo amagulitsa zikubwerera zonse kunyumba. Thokozire wasiya kubwera kusukulu, akuti akuopa kuti mwina n'zoona.

Dzulo mayiwo anandidikira pageti, n'kundigwadira.

"Aphunzitsi, inu ndinu ophunzira. Ndiuzeni zoona, ana angawa ali bwinobwino?"

Ndinawayankha kuti ali bwino, ndi sayansi chabe. Ndinaganiza za ntchito yanga, ndipo mawu otsalawo ndinawameza. Anandithokoza, n'kundisiyira zitumbuwa zinayi. Manyazi andigwira, achimwene, ndalakwira ana osalakwa.

Pepala la mayankho enieni ndikadali nalo, ndipo Lolemba ndikufuna ndikaliwerenge pamaso pa sukulu yonse. Chonde mundiimbire m'mawa wake ndisananyamuke, chifukwa ndimadzidziwa, pandekha ndikhoza kulisiya m'thumba.

Amayi akupereka moni. Akumauza aliyense kutchalitchi kuti ana awo onse awiri ndi asayansi, ndipo sindinawatsutsebe.

Ine mng'ono wanu,
Anock