Bambo Ellard Kamanga atisiya, apita ndi mayina asanu

Kwa Mayi Flossie Kamanga, mwana wawo Tisunge, abale onse ndi Amalawi okhala kuno ku Scotland,

Ife a Bungwe Losunga Mbiri ya Amalawi ku Glasgow tadzidzimuka ndipo tasweka mtima pomva kuti Bambo Ellard Kamanga a ku Dennistoun, amene tinali nawo m'tchalitchi Lamulungu lapitali, atisiya Lachitatu m'mawa.

Kwa zaka makumi awiri malemuwa analondola mbiri ya sitima yankhondo ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi, imodzi mwa zoyambirira, imene mu 1915 inamiza sitima ya katundu yochokera padoko lino. M'sitima yomirayo munali amuna khumi ndi mmodzi a kwathu, othira malasha pamoto, ndipo mmodzi mwa iwo anali agogo a malemuwa. Anaphunzira Chijeremani ali ndi imvi kuti adziwerengere zimene mkulu wa sitima yankhondoyo analemba tsikulo, koma anangopeza mizere itatu yonena za nyengo ndi katundu. Mabuku a kuno nawonso sanatchule mayina a amuna omirawo. Mayinawo anakawatola okha ku Nkhata Bay, khomo ndi khomo, mpaka anapeza asanu ndi anayi.

Novembala aliyense tinkaima nawo m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, iwo akutchula mayinawo pamtima, ife titazolika. Titapempha kuti tiwalembe, anatikaniza: "Ndilembe asanu ndi anayi, awiri ndiwasiye m'madzi? Dikirani akwane." Kwathu wamkulu akakana sitibwereza, ndipo ngakhale foni yojambulira mawu sitinaitulutse poopa kuoneka amwano. Ulemu umenewo lero ukundiwawa.

Dzulo tinakhala pansi, akuluakulu a bungwe tonse, kuyesa kukumbukira. Tinapeza anayi okha.

Mayi Kamanga, m'malo mwa mamembala onse ndikupepesa kuchokera pansi pa mtima, ndipo Mulungu akupatseni mphamvu inu ndi Tisunge m'masiku owawawa. Mwatiuza kale kuti kunyumba sankawatchula mayinawo, choncho sitikuvutitsaninso.

Novembala uno tidzapitabe ku Clyde. Tidzatchula anayi aja, kenako dzina la Bambo Ellard, ndipo tidzakhala chete. Asanu enawo amira kachiwiri, ndipo ulendo uno owamiza si Ajeremani.

Mzimu wa bambo athu uwuse mumtendere.

Agatha Chirambo
Wapampando