Chitini cha Bambo Aang'ono

Edmonton, London
12 Novembala 2023

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi, komanso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ife kuno tilipo. Kwayamba kuzizira, ndipo dzuwa likumalowa ndisanaweruke kuchipatala. Mudabwa kuti ndalemba pamanja chonsecho timayankhulana Lamlungu lililonse. Vuto ndi lakuti pafoni mumandiseketsa, ndiye zimene ndimafuna kunena sindizinena. Iyi muwerenge nokha, mutakhala pansi.

Ndiyambe ndi bodza laling'ono. Mendulo ija anavala mdzukulu wanu Wezzie pachithunzi, ndinakuuzani kuti ndi ya mpira wamanja. Si ya mpira ayi. Mwanayu amawombera mfuti. Musadzidzimuke, sapha kanthu. Kunja kwa tauni kuli bwalo kumene makina amaponya timbale tadothi m'mwamba, anthu n'kumatiwombera. Anayamba zaka ziwiri zapitazo ataperekeza a Mariam, mayi wachikulire wochokera ku Cyprus amene tayandikana naye nyumba, yemwe amaphunzitsa atsikana masewerawa. Poyamba ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati kwathu mfuti inadya kale zala ziwiri za bambo anga, zakwana. Koma amuna anga a Sekani anandinyengerera mpaka ndinakaonerera. Bambo, mwana wamanyazi uja, amene amakupatsani moni akuyang'ana pansi, akagwira mfuti amaima ngati inu. Ngakhale kapendeketsedwe ka mutu n'kanu.

Wezzie ndi wochepa thupi, ndiye mfuti yaikulu inkamutupitsa phewa. A Mariam anamupezera yaing'ono, ya mpope wowonda. Zipolopolo zake sizipezeka wamba, choncho iwo amadzaza okha m'galaja mwawo. Amatola makoko amene awombedwa kale n'kuikamonso onga ndi timipira tamtovu. Ali ndi chilolezo cha apolisi, buku lowauza muyezo, ndi kasikelo kosamala kuposa kathu ka kuwodi ya ana. Loweruka ndikakhala kuti sindili pa shifiti ndimakawathandiza kusankha makoko abwino, tikumwa khofi wawo wowawa uja.

Mwezi watha onga wa mfuti yaing'onoyo unatha, mpikisano uli pafupi. Kusitolo anati wina ufika pakatha milungu itatu. Pashelefu panali chitini chodzaza cha onga wa mfuti yaikulu, ndiye ine ndinati, “Bwanji tingotapako uwu? Onga ndi onga.”

A Mariam anavula magalasi n'kundiyang'ana. “Etta, iwe ndiwe namwino. Mankhwala a munthu wamkulu ungam'mwetse khanda chifukwa chakuti onse ndi oyera?”

Anandifotokozera mofatsa. Onga wa mfuti yaikulu umayaka msanga, poti mpope wake ndi wotakasuka. Mfuti yaing'ono imafuna woyaka pang'onopang'ono, wokankha mwaulemu. Ukaikamo wofulumira uja, mphamvu imasowa kolowera n'kung'amba chitsulo pomwe pali dzanja la munthu. “Ndipo choopsa kuposa zonse,” anatero, “ndi kusakaniza mitundu iwiri m'chitini chimodzi. Pamenepo ngakhale bukuli silingakuuze chimene chichitike.”

Ndinangokhala pa kreti. Wezzie anati, “Mum, are you okay?” Ndinamuyankha kuti ndi njala chabe.

Bambo, mukukumbukira chaka cha 1993, nguluwe zitatha chimanga chathu cha kudambo. Mfuti yanu yaikulu inali itawonongeka. Mng'ono wanu, bambo aang'ono a Felton, anabwera kuchokera ku esiteti ndi kamfuti kawo kakang'ono ndi chitini cha onga cha chivindikiro chobiriwira, zimene anapatsidwa ndi bwana wawo. Anati akudzazirani zipolopolo m'mawa mwake. Chitinicho anachiika pamwamba pa khoma kuchipinda, pafupi ndi chanu.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Masana amenewo nonse muli kumunda, ndinakwera pampando kufuna shuga amene amayi ankabisa kumeneko. Chigongono chinagunda chitini chobiriwira. Chinagwa n'kutseguka, theka la onga n'kumwazikira pansi pomwe amayi anali atangozira kumene. Ndinayesa kuwola, koma unali utanyowa ndi dothi. Ndinaopa kukwapulidwa. Ndinatsegula chitini chanu, ndinatapamo mpaka chawo chinadzaza, ndinachikhutchumula bwinobwino, n'kuchibwezera pamalo pake. Wonyowa uja ndinakataya kudzala.

M'mawa bambo aang'ono anadzaza zipolopolo zitatu ali pakhonde, akuimba mluzu, ine ndikuwagwirira makoko. Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine.

Munati bambo aang'ono anachita dala chifukwa cha dimba limene munkalimbirana. Anakugwadirani kuchipatala ku Kasungu akulira, inu munatembenukira kukhoma. Anasamukira ku Santhe. Paukwati wanga sanabwere chifukwa munati akapondapo inu muchokapo. Ine zonsezi ndinkaziona, ndipo ndinkawada nawo, poti dzanja limene linkandisenza paphewa linali lanu.

Ndikufuna kulemba kuti sindinkadziwa, ndipo ndi zoona kuti sindinkadziwa kuti onga umasiyana. Koma ndinganame nditati mtima sunandigundepo. Nthawi zina mukamamanga batani la malaya ndi zala zitatu, chitini chija chinkandibwerera m'maso, ine n'kuthamangira kukachita zina. Ndinasankha kusafunsa. Mlandu umenewo si wa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi wa mayi wamkulu amene akukulemberaniyu.

Patapita masiku ndinawauza a Mariam zonse. Sanandinyengerere. Anati sangalumbire za mfuti imene sanaione, mwina inalinso yakale, koma onga wosakaniza m'kamfuti kotero ndi wokwanira kuchita zimene zinachitika. Kenaka anandifunsa, “Mng'ono wawoyo ali moyo?” Nditavomera, anati, “Nanga ukudikira chiyani?”

Amayi anandinong'oneza pafoni kuti bambo aang'ono sakudzuka, miyendo yatupa, ndipo chakudya akungolawa. Amayiwo musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza. Ine ndimagwira ntchito ndi odwala otere tsiku ndi tsiku, ndipo ndikudziwa kuti nthawi yake siidikira kuti anthu ayambe apsa mtima n'kuphwa. Ndapempha tchuthi cha Disembala kuti ndidzagwade pamaso panu nonse awiri, koma Disembala ali patali.

Mukandikwiyira, ndilandira. Mukapanda kuyankha foni Lamlungu likubwerali, ndidzaimbanso linalo. Ndinu amene munandiperekeza wapansi kukalemba mayeso a unamwino, mutanyamula chikwama changa ndi dzanja lomwelo, ndipo simunadandaulepo pamaso panga ngakhale kamodzi. Munthu woteroyo sindikukhulupirira kuti mtima wake ndi wochepa.

Za mpikisano uja, Wezzie sanapite. Tinadikira onga woyenera. Anatupa masiku awiri osandiyankhula, lachitatu anabwera yekha kudzandipesa tsitsi. Ndinamuuza nkhani yonseyi, ndipo akuti ndikufunseni ngati mungalole kudzamuona akuwombera pa vidiyo. Akuti mukakana amvetsa. Pa Chichewa, mawu akuti “agogo” okha ndi amene amawatchula bwino, enawo mudzaseka.

Ndatumiza masokosi a ubweya ndi mafuta opaka bondo kudzera mwa a Gladys a kutchalitchi kwathu ku Tottenham, amene akunyamuka Lachisanu. Mafutawo muzipaka m'mawa ndi madzulo, osati pokhapokha pamene lapweteka.

A Sekani akupereka moni wambiri. Mundiperekere moni kwa amayi, kwa achemwali a Cynthia ndi ana, ndi kwa azakhali a ku Chulu. M'makalata anga onse chichokereni kumudzi ndakhala ndikudumpha dzina limodzi, lero ndikulilemba. Mukandiperekere moni kwa bambo aang'ono a Felton. Moni umenewu musautumize ndi munthu, Bambo, ndipo musaupereke pafoni. Mukaupereke nokha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Etta